Kusamba ndi kutsuka tsitsi m'chikuta: madzi ake, nthawi yake ndi zimene zimalakwika

Mayi amene wangochira kumene ayenera kusamba tsiku lililonse, kuyambira tsiku loyamba lomwe, bola akutha kukhala tsonga ndi kuyenda popanda chizungulire. Tsitsi nalo angathe kulitsuka sabata yoyamba yomweyo. Chimene chimabweza amayi kuchipatala si kusamba kwenikweniko ayi, koma madzi otentha mopitirira, madzi kapena beseni zauve, ndi chinyezi chotsalira pabala. Apa tikulankhula ndi mayi mwini wake pamodzi ndi amene abwera kudzamuthandiza, kaya ndi amayi ake, apongozi, azakhali kapena achemwali.

M'chiberekero, pamene panamatirira nsengwa, pamatsala chilonda chachikulu ngati chikhatho, ndipo khomo la chiberekero limatseka pang'onopang'ono. Magazi amatuluka ofiira masiku 3 kapena 4 oyamba, kenako ofiirira mpaka cha m'ma tsiku la 10, pomaliza achikasu kapena oyererako, ndipo zonsezi zingatenge masabata 4 mpaka 6. Palinso thukuta la usiku, limene limachuluka masabata awiri oyamba pamene thupi likutaya madzi amene linasunga nthawi ya pakati, komanso mkaka wodontha. Khungu likakhala m'zimenezi masiku angapo osaona sopo, tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga.

Pa Facebook ndi pa TikTok pamayenda malangizo akuti mayi asanyowetse mutu, ena amati asasambe n'komwe, kwa mwezi wathunthu. Ena mwa iwo ndi ochokera ku mwambo wa ku China, kumene mayi amabindikira m'nyumba mwezi umodzi akachira. Kwathu kuno vuto lili mbali inayo: timasambitsa ndithu, koma madzi ake amakhala a moto.

Madzi achokera kuti, ndipo afunda bwanji

Muno mu Lusaka yambani ndi funso la kumene madziwo atungidwa. A pampopi kapena a pakiyosiki ndi abwino kusamba thupi lonse ngati chigubu chake n'choyera komanso chotseka. A pachitsime chosaya cha m'komboni ndi nkhani ina. Pansi pa mzinda uno pali miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, choncho zam'zimbudzi zokumba zimayenda mosavuta n'kulowa m'zitsime, makamaka nthawi ya mvula kuyambira Novembala mpaka Marichi. Kolera ya 2017 mpaka 2018, ndi ija inayamba mu Okutobala 2023 mpaka bwalo la National Heroes Stadium kusanduka malo ogonekerako odwala, inaonetsa zimenezi poyera m'madera ngati Kanyama. Madzi otere awiritseni mpaka abwatamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena thirani klorini motsatira muyezo wolembedwa pabotolo n'kudikira mphindi 30. Malasha akachepa, wiritsani malita awiri okha otsukira kumunsi ndi pabala, muwasunge m'botolo lotseka, otsalawo muthire klorini.

Cholakwika chofala m'makomo ambiri ndi kuwiritsa mphika umodzi kenako n'kuuziziritsa ndi madzi osawiritsa a pachitsime chomwecho. Kusakanizako kumangofunditsa madzi, sikupha tizilombo. Madzi ozizira osakanizira akhale otetezedwa kale.

Madzi osamba akhale ofunda mofanana ndi thupi, 37 kapena 38°C. Muyezo wosavuta ndi malita 3 owira pa malita 9 ozizira. Mu Juni ndi Julayi, pamene madzi agona m'chigubu ali zii, owirawo angafike malita 4. Yambani kuthira ozizira m'ndowa, otentha pambuyo, ndipo vundulani mpaka pansi. Woyesa akhale mayi mwini wake, ndi chigongono kapena mkati mwa mkono, awerenge mpaka 10. Manja a agogo amene anazolowera kuphula mphika wa nsima popanda chogwirira sangakuuzeni zoona. Madzi a 60°C amawaula khungu m'masekondi ochepa chabe, ndipo madzi ongophulidwa pambaula amakhala otentha kuposa pamenepo kutali.

Mbaula isalowe m'bafa kapena m'chipinda chotseka. Magetsi akazima m'nyengo yozizira anthu amailowetsa kuti mayi asanjenjemere, n'kutseka chitseko ndi zenera. Malasha oyaka amatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo n'zosavuta kuziyesa kutopa kwa uchembere mpaka munthu kukomoka. Tenthetsani madzi panja, mulowetse madzi okha. Kuti mayi asazizidwe, asambe dzuwa litakwera, ndipo thaulo ndi zovala ziyambe zakhala padzuwa.

Kusamba kwa masiku oyamba

Kugwa m'bafa ndiyo ngozi yaikulu ya masiku awiri kapena atatu oyamba. Mayi wataya magazi, nthawi zina mpaka theka la lita ngakhale zonse zitayenda bwino, ndipo madzi ofunda amatsegula mitsempha ya pakhungu moti magazi opita kumutu amachepa. N'chifukwa chake asasambe ndi njala. Adye, amwe madzi kapena thobwa, ayamwitse mwana kuti asamusokoneze, akodze, kenako akhale m'mphepete mwa bedi mphindi imodzi kapena ziwiri asanaime. Akaima, magazi amene anadikha pamene anagona angatuluke nthawi imodzi. Zimenezo n'zachibadwa ngati zikulekeza pomwepo.

Chitseko cha bafa chisakhomedwe, ndipo pakhale munthu wamkulu pafupi woti amve akaitanidwa. Mayi akhale pampando wapulasitiki, asambe modzithira ndi kapu, ndipo mphindi 5 mpaka 10 zakwana. Maso akayamba kuchita mdima, makutu kulira, akhale pansi pomwepo, mutu autsitse, aitane. Asayese kuthamangira kuchipinda.

Ayambe ndi m'manja, kenako nkhope, mabere, m'khwapa, msana, pamimba, miyendo, kumunsi pomaliza. Kansalu kamene kakhudza thupi kasabwerere m'ndowa ya madzi oyera, ndipo asakhale m'madzi amene wasambira kale. Sopo akhale wamba, wosanunkhiritsa kwambiri, ndipo akhale wake yekha. Dettol kapena Savlon wothira m'madzi osamba sapoletsa msanga, ndipo akachuluka amayabwitsa ndi kuwaula khungu lofewa la kumunsi. Kumene bafa ndi la mabanja angapo, wothandiza ayambe wakwecha pansi ndi sopo kapena klorini, mayi avale mapatapata, ndipo padi yatsopano ndi zovala zamkati zikhale m'pepala lapulasitiki lopachika pamsomali, osati pansi kapena pakhoma lonyowa.

Kumunsi ndi masitichi

Malo amenewa safuna kudikira nthawi yosamba. Amafuna kutsukidwa nthawi iliyonse mayi akapita kuchimbudzi. Tengani botolo loyera la theka la lita, muboole kabowo pachitsekero ndi msomali wowiritsa, mudzazemo madzi ofunda owiritsa. Pokodza, mayi azifinya botololo kuti madzi aziyenda pamodzi ndi mkodzo, ndipo kuwawa konga kwa tsabola kumachepa pomwepo. Madzi aziyenda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kupukuta nakonso chimodzimodzi, chifukwa tizilombo tambiri toopsa pabalalo timachokera kotulukira chimbudzi. Kupukuta kwake ndi kogunditsa kansalu koyera mofatsa, osakhula. Padi isinthidwe maola 4 aliwonse, kapena msanga ikanyowa, ndipo m'manja musambidwe asanaigwire komanso ataichotsa. Kamodzi kapena kawiri patsiku agone pathaulo mphindi 10 popanda padi kuti balalo lipitidwe mphepo.

Tsiku loyamba ndi lachiwiri kutupa kumamva chozizira, osati chotentha. Nsalu yoyera yoviika m'madzi ozizira, kapena ayisi wokulunga m'nsalu, ikhale pamenepo mphindi 10 mpaka 15. Ayisi asakhudze khungu mwachindunji.

Kukhala m'beseni kumathandiza ululu wa masitichi ndi wa mudzi, zotupa zija za kotulukira chimbudzi. Beseni likhale lalikulu loti mayi akhalemo bwino popanda kukhadzula miyendo kapena kunjuta, chifukwa kunjuta kumakoka ulusi. Likwechedwe ndi sopo asanalowemo ndiponso atatulukamo. Madzi afike masentimita 8 mpaka 10, ofunda kapena ozizirira, mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu patsiku. Kupitirira pamenepo khungu limafewa n'kuyera, ndipo bala lofewa limachedwa kulumikizana.

Za mchere pali mkangano. Kafukufuku wa ku England wa 1988 anayerekeza amayi osamba madzi a mchere, a Savlon ndi madzi okha, ndipo sanapeze kusiyana pa kapoledwe ka bala. Choncho chopoletsa ndi ukhondo, osati mcherewo. Ngati anamwino akuuzani kuthira mchere, muyezo wake ndi supuni yaing'ono ya tiyi imodzi ndi theka pa lita imodzi. Kutapa ndi dzanja lodzaza, monga ambiri amachitira, kumangowawitsa ndi kuumitsa khungu. Ulusi wa kumunsi umasungunuka wokha. Tizidutswa take tingayambe kuoneka papadi pakatha sabata imodzi kapena awiri, ndipo musakoke kalikonse kolendewera.

Mkati mwa njira yoberekera musalowe kanthu: zala, sopo, nsalu, soda, mandimu, fodya wopera kapena mizu yopera. Njirayo imadziyeretsa yokha ndi zimene zikutulukazo, ndipo cholowetsamo chilichonse chimakankhira tizilombo kumtunda kumene kuli chilonda cha nsengwa. Amene akufuna kuti thupi libwerere mwakale achite masewera a minofu ya kumunsi: kufinya ngati akugwira mkodzo kwa masekondi 5, kumasula, kubwereza ka 10, katatu patsiku.

Kuthowa

Apa ndi pamene mabanja ambiri amasemphana ndi achipatala. Mwambo wake timaudziwa: madzi owira m'beseni, nsalu yoviika n'kufinya, kenako kudinikiza pamimba, m'chiuno, m'ntchafu, nthawi zina mpaka kumunsi, m'mawa ndi madzulo. Akuluakulu amafuna kuti magazi oipa atuluke, mimba ibwerere, thupi lilimbe. Cholinga chake n'chabwino, ndipo mbali ina n'choona: kufunda kumatsitsa kuphwanya kwa msana, mapewa ndi chiuno, komanso mayi amene akugwiridwa ndi manja a anthu omukonda tsiku ndi tsiku sakhala yekha ndi nkhawa zake.

Koma chiberekero sichibwerera chifukwa cha moto wa kunja. Mwana akangobadwa chimakhala cha pamchombo, n'kumatsika pafupifupi sentimita imodzi patsiku, moti pofika tsiku la 10 mpaka 14 sichikhudzikanso pamimba, ndipo pa masabata 6 chimakhala chitabwerera. Chimene chimachifinya ndi kuyamwitsa, n'chifukwa chake m'mimba mumapota mwana akagwira bere. Kukodza pafupipafupi kumathandizanso, popeza chikhodzodzo chodzaza chimalepheretsa chiberekero kufinyika bwino.

Madzi a moto amachita zina. Amatulutsa matuza pamimba ndi m'mphechepeche, malo amene amachedwa kupola chifukwa cha thukuta ndi kukhulana. Akafika pamasitichi, mnofu umatupa ndi kupsa, ulusi umadula mnofu wofookawo, bala n'kuyasama. Bala lotere kawirikawiri salisokanso nthawi yomweyo, limayamba latsukidwa masiku ambiri. Kutentha kumatsegulanso mitsempha, magazi n'kuchuluka, ndipo anthu amasangalala kuti zoipa zikutuluka pamene mayi akutaya magazi amene akuwafuna. Choipitsitsa n'chakuti mayi akalira amauzidwa kuti apirire, ndiye uchembere. Ululu wa kupsa si chizindikiro chakuti mankhwala akugwira.

Kuthowa kungapitirire ngati mukutsatira malire awa. Wothowayo, atafinya nsalu, aigunditse mkati mwa mkono wake n'kuwerenga mpaka 10. Ikamulephera, ndiye kuti siyoyenera pathupi la mayi. Malo othowa ndi msana, mapewa, chiuno ndi kunja kwa ntchafu, kwa mphindi 10 mpaka 15, modinikiza pang'ono. Kumunsi, pabala la opareshoni ndi pamabere otupa ayi. Katumba wa mwendo umodzi akatupa, kutentha ndi kuwawa, asathowedwe kapena kutikitidwa n'komwe, chifukwa mungakhale magazi oundana mumtsempha amene angasunthe n'kukatseka m'mapapo. Ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Mayi amene akutaya magazi ambiri, watentha thupi kapena BP yake inakwera, kuthowa kuyambe kwaima. Kukhala pamwamba pa mphika wa nthunzi ya masamba n'kosafunika konse, ndipo kupsa kwake kumakhala koopsa.

Mwana wamkazi kapena mtengwa sizimuphwekera kutsutsa akulu amene asiya makomo awo kudzamusamala. Mawu ofatsa amakwana: "Amayi, anamwino anati pamasitichi pasafike moto. Ndithoweni kumsana kokha, ndiko kukundiwawa." Bambo wa mwana athandizepo polankhula ndi amayi awo. Njira ina yabwino ndi kupita nawo apongoziwo kusikelo ya mayi kuti akamve okha kwa anamwino.

Kumanga mimba ndi chitenje kumapatsa ena mphamvu poyenda, koma sikuphwetsa mimba. Mangani khungu litauma, mosathina moti zala ziwiri zilowe, ndipo masulani pogona.

Amene anachira pa opareshoni

Tsiku lochotsa bandeji ndi lochotsa ulusi, ngati uli wochotsa, ndi limene akuuzani kuwodi, kaya ndi ku chipatala chachikulu cha UTH, ku Levy Mwanawasa kapena ku zipatala za Matero, Chipata, Kanyama, Chawama ndi Chilenje. Bandeji isanachoke mayi adzipukute ndi nsalu yonyowa mbali zina zonse za thupi. Ikanyowa mwangozi isasiyidwe choncho, ikasinthidwe. Ikachoka, madzi a sopo angathe kuyenderera pabala kuchokera kumtunda, kenako madzi oyera. Chinkhupule chisafikepo, ndipo nkhanambo zisiyidwe zigwe zokha.

Ntchito yaikulu ndi kuumitsa. Mimba ya mayi wongochira imagwera pabala n'kupanga mpindiko umene umasunga thukuta, makamaka mu Okutobala. Akweze mimbayo ndi dzanja limodzi, agunditse kansalu koyera ka pabala pokha, adikire mphindi zingapo kuti paume asanavale. Kabudula wamkati akhale wathonje, wokwera kupitirira bala, kuti lamba wake asakhule pamzerepo. Vaseline, paudala, aloe, mankhwala otsukira mano ndi zitsamba zisapakidwe. Pakani chokhacho chimene achipatala apereka. Kukhala m'bafa lodzaza madzi kudikire mpaka bala litatsekeka lonse, kawirikawiri masabata awiri kapena atatu.

Khungu lozungulira bala limachita dzanzi kwa miyezi chifukwa timitsempha ta pakhungu tinadulidwa. Mayi sangamve kuti nsalu kapena botolo la madzi otentha likumuotcha mpaka ataona matuza. Chinanso, chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Kwa masabata 6 asanyamule cholemera kuposa mwana wake, ndiye kuti kutunga, kuphula mphika wa madzi ndi kunyamula ndowa kupita kubafa ndi ntchito ya ena. Tsiku lililonse akatha kusamba aone balalo pagalasi kapena alijambule ndi foni, chifukwa likafuna kuvuta nthawi zambiri limayamba mayi atatuluka kale m'chipatala.

Mabere, nsalu ndi mabeseni

Mabere amafuna madzi okha, kamodzi patsiku. Timatuza ting'onoting'ono tozungulira nsonga timatulutsa mafuta oteteza khungu, ndipo sopo amawachotsa n'kusiya nsonga zong'ambika. Palibe chifukwa chotsukira bere nthawi iliyonse mwana asanayamwe, kusamba m'manja n'kokwanira. Mabere akadzaza n'kuuma cha m'ma tsiku la 3 mpaka 5, nsalu yofunda kwa mphindi ziwiri kapena zitatu asanayamwitse ndi yozizira atayamwitsa zimathandiza. Kukanya mwamphamvu ndi madzi otentha kumawonjezera kutupa. Pansi pa mabere paziumitsidwa bwino.

Mabeseni akhale atatu: la mayi, la mwana, ndi lochapira. Mwanayo sasambitsidwa maola 24 oyamba, ndipo pambuyo pake madzi ake akhale akeake. Nsalu za magazi ziviikidwe m'madzi ozizira poyamba, chifukwa otentha amamatiza magazi, kenako zichapidwe ndi sopo n'kuyanikidwa padzuwa. Ambiri amaziyanika kuseri kwa chitseko kapena pansi pa matiresi poopa maso a anthu, ndipo zimavalidwa zisanaume. Yanikani pachingwe n'kuphimba ndi chitenje chopyapyala ngati muli ndi manyazi. Nthawi ya mvula sitani zonse, za mayi ndi za mwana, chifukwa pali ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanika pansi, ndipo mphutsi zake zimaboola khungu.

Tsitsi

Madzi a pamutu salowa m'mafupa, sachepetsa mkaka ndipo sabweretsa mutu wa muukalamba. Chimene chimavuta ndi kuzizidwa, kuwerama nthawi yaitali, ndi kugona ndi tsitsi lonyowa. Choncho nthawi yabwino ndi pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pamalo opanda mphepo, ndipo masiku oyamba tsitsi litsukidwe pa nthawi yakeyake, osati pamodzi ndi kusamba thupi, kuti mayi asatope. Amene anachira bwino angatsuke kuyambira tsiku lachiwiri kapena lachitatu ngati chizungulire chatha. Kamodzi pa sabata kapena pa masiku 10 n'kokwanira kwa tsitsi lathu, ngakhale thukuta likachuluka angapukute m'mizere ndi kansalu konyowa pakatipo.

Kuweramira m'beseni lili pansi ndi kumene kumagwetsa anthu, ndipo kwa wa opareshoni kumapinda bala. Mayi agone chagada pabedi, mutu utulukire pang'ono m'mphepete, thaulo lopinda pansi pa khosi, pulasitiki yotsetsereka kupita m'beseni lili pansi, wothandiza azithira ndi kapu. Kapena akhale pampando n'kugonekera mutu kumbuyo. Malita 6 mpaka 8 amakwana.

Amayi ambiri amalukitsa mukule kapena mabuledi tsiku lochira likayandikira, ndipo ndi nzeru yabwino bola asakhale othina. Potsuka tsitsi loluka musathire shampu mwachindunji. Sungunulani supuni ziwiri zazikulu m'botolo la theka la lita la madzi ofunda, muthire m'mizere, mutikite khungu la mutu ndi nsonga za zala, osati zikhadabo, kenako mutsukuluze mpaka madzi atuluke opanda thovu. Shampu yotsalira ndiyo imayabwitsa ndi kubweretsa mfundu. Finyani maluko ndi thaulo, musinthe lina louma, mukhale padzuwa mpaka mizu iume. Mabuledi aatali angatenge maola angapo. Kumanga mpango kapena kuvala wigi pamutu wonyowa kumabweretsa fungo la chuku ndi tizilonda, ndipo mutu woterowo ndi umene mwana amagona pafupi nawo usiku wonse.

Madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zambiri za Lusaka ali ndi laimu wambiri, yemwe uja amayeretsa mkati mwa ketulo. Sopo wa mtanda akakumana nawo sachita thovu bwino, ndipo amasiya zoyera zomata m'tsitsi, tsitsi n'kukhala louma ndi lothothoka popesa. Shampu imachita bwino kuposa sopo wochapira. Potsukuluza komaliza mungathire supuni imodzi yaikulu ya viniga pa lita imodzi ya madzi, osafikitsa m'maso, kenako kondishona kapena mafuta pang'ono.

Maluko asapitirire masabata 6 mpaka 8. Pomasula, chotsani tsitsi lakufa ndi litsiro la m'mizu ndi zala, mutapaka mafuta kapena kondishona, kenako mupese ndi chipeso cha mano otalikirana kuyambira kunsonga kupita kumizu. Madzi abwere pambuyo pake. Mukanyowetsa musanapese, tsitsi limamangana mfundo zimene nthawi zina zimatha ndi sizasi basi. Mulu wa tsitsi umene umatuluka tsiku limenelo usakuopseni. Munthu aliyense amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku, ndipo loluka limangosungika m'malukomo mpaka tsiku lomasula.

Kuthothoka kwenikweni kwa uchembere kumayamba mwana ali ndi miyezi iwiri mpaka inayi. Nthawi ya pakati tsitsi lambiri limaleka kugwa chifukwa cha mahomoni, ndipo mahomoniwo akatsika limagwa nthawi imodzi, makamaka m'mbali mwa chipumi. Sikuti ndi chifukwa chotsuka mutu m'chikuta, sikuti ndi kuyamwitsa, ndipo sikuti wina wachitapo kanthu. Kwa ambiri limabwerera mwana asanakwanitse chaka. Chimene chingapangitse dazi la m'mbali kukhala lamuyaya ndi kukoka: maluko ang'onoang'ono othina, wigi yomata ndi guluu, kapena kumanga mwamphamvu pamalo amene tsitsi lafooka kale. Pa miyezi imeneyi lukani zazikuluzikulu zomasuka, m'mbali musiye, ndipo mankhwala owongola tsitsi ayambe adikira. Kumeta lalifupi nakonso n'kwabwino, limatsukika ndi kuuma m'mphindi zochepa. Kuthothoka kukapitirira chaka, kapena kukabwera ndi kufooka, kugunda kwa mtima ndi kuyera m'zikhatho, kayezetseni magazi ndi chithokomiro. Mapiritsi a ayironi amene anapatsidwa kuchipatala amwedwe mpaka kutha.

Zoti muone posamba n'kuthamangira kuchipatala

Nthawi yosamba ndi imene mayi ndi womuthandiza amaona thupi lonse, choncho zizindikiro zambiri zimagwidwa m'bafa. Padi yodzaza pasanathe ola limodzi, magazi oundana aakulu kuposa dzira la nkhuku, kapena magazi amene anayamba kuyera n'kubwereranso ofiira ndi ambiri, ndi nkhani ya nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Chimodzimodzi kutentha thupi kofika 38°C, kunjenjemera, zotuluka zonunkha, ndi m'mimba mowawa mukagwira. Pabala yang'anani kufiira kofalikira, kutentha, mafinya, madzi otuluka ndi kuyasama. Bere lofiira mbali imodzi, lolimba, pamodzi ndi kuphwanya thupi nalonso likaonedwe, koma kuyamwitsa kupitirire.

Mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kapena kuwawa pansi pa nthiti za kumanja, musanene kuti ndi chifukwa anatsuka tsitsi dzulo. BP ingakwere ngakhale mwana atabadwa kale, ndipo ingafike pokomola. Kubanika ndi kupweteka pachifuwa n'koopsa chimodzimodzi. Mayi amene masiku akupita osafuna kusamba, kudya kapena kugwira mwana, akungolira, asatchedwe waulesi. Auzeni anamwino, chifukwa matenda a maganizo obwera munthu akachira ali ndi thandizo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi ndi mwana aonedwe m'maola 24 oyamba, pa tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi 14, ndiponso pa masabata 6. Tsatirani masiku amene alembedwa pakhadi lanu, ndipo mukapita pemphani kuti aone masitichi kapena bala, osati kungoyeza mwana yekha. Ngati papsa ndi madzi othowera, thirani madzi ozizira oyera pamalopo kwa mphindi 20, musaboole matuza kapena kupakapo kanthu, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo mukauze anamwino zoona za mmene zinachitikira kuti apereke mankhwala oyenera.